Kakonzedwe ka magazini ya nyimbo pa kompyuta, kuyambira pa pepala lopinda mpaka kwa osindikiza

Achinyamata ambiri kuno ku Mangochi amene amapanga maposita a madansi ndi zikuto za nyimbo akhala akundifunsa funso limodzimodzi: "Akulu, Photoshop ndimaitha, nanga magazini ya nyimbo ndiyambire pati?" Ena amabwera zinthu zitavuta kale, masamba atasokonekera, nkhope ya woyimba itabooledwa ndi sitepulo, ndalama za otsatsa malonda zitathera ku inki. Ndaona kuti ndilembe kamodzi zonse zimene ndimayankha, wina akafunsanso ndizingomutumizira.

Photoshop, GIMP ndi Photopea ndi mapulogalamu okonzera zithunzi. Amaona tsamba limodzi lokha, sadziwa kuti tsambalo lili ndi anzake. Opangidwira mabuku ndi InDesign, yomwe ndi yolipira, ndi Scribus, yomwe ndi yaulere. Koma ambiri a ife m'malaputopu mwathu muli zokonzera zithunzizi, ndipo magazini yaing'ono imatheka nazo bwinobwino, bola mudziwe kuti ntchito imene InDesign ikanakugwirirani muigwira ndi mutu wanu. Chitsanzo changa ndi magazini ya A5 ya masamba 16, yosindikizidwa pa mapepala a A4 opinda pakati.

1. Pitani kaye kwa osindikiza musanayatse kompyuta

Telala sadula nsalu asanamuyeze mwiniwake. Mukafika kwa osindikiza afunseni zinthu zinayi: pepala lalikulu limene makina awo amalandira, ngati amadula m'mbali akatha kusindikiza, ngati akufuna mafayilo a RGB (mitundu ya pa sikirini) kapena a CMYK (mitundu ya inki), ndiponso ngati masamba muwapatse limodzilimodzi kapena osanjasanja kale. Mayankhowo alembeni, chifukwa china chilichonse m'munsimu chidalira pa iwo.

Makina a laser amene mumawapeza m'mashopu osindikiza a pa Boma kapena ku Monkey Bay nthawi zambiri safikitsa inki kumphepete kwa pepala. Amasiya kamzere koyera ka mamilimita anayi kapena asanu kuzungulira. Ngati musindikiza pa makina otere, lolani kuti masamba anu akhale ndi mphepete zoyera, ndipo muzikonze dala kuti zioneke zofuna. Kuti chithunzi chidzaze tsamba mpaka kumapeto, pamafunika pepala lokulirapo ndi makina odulira. Magazini zikakhala mazanamazana, funsani mitengo kwa osindikiza akuluakulu monga Montfort Media ku Balaka kapena a ku Blantyre, chifukwa makina awo akuluakulu, otchedwa offset, amatchipa zinthu zikachuluka.

Funsaninso za pepala. La bond la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) ndi lotchipa, koma chithunzi chakuda chimaonekera kuseri kwake. Art paper ya 115 kapena 130 gsm imatulutsa zithunzi bwino, ndipo chikuto chimafuna cholimbirapo, cha m'ma 200 kapena 250 gsm.

2. Pangani magazini yoyeserera ndi manja

Tengani mapepala anayi a A4, asanjikizeni, apindeni pakati. Mwapeza masamba 16. Pepala lililonse lopinda limapereka masamba anayi, ndiye magazini yomenyedwa masitepulo pamsana ikhoza kukhala ya masamba 8, 12, 16, 20, osati 14 kapena 18. Nkhani zanu zikakwana masamba 14, pezani zodzazira awiri kapena chotsani awiri.

Lembani manambala pa masambawo ndi pensulo, kenaka lembani chimene chikhale pa tsamba lililonse: chikuto pa 1, malonda pa 2, zamkatimu pa 3, kucheza ndi woyimba pa 4 mpaka 7, chithunzi chachikulu pa 8 ndi 9, zimbale zatsopano, za beni kapena manganje, za makwaya, malonda omaliza pa 16. Magazini yoyesererayi osindikiza amaitcha dummy. Musaitaye mpaka ntchito ithe.

Mukamaitsegula muona masamba amene ayang'anizana, ndipo kuno kwathu zimenezi n'zofunika. Nkhani ya gulu la sikiri kapena ya kasaida isayang'anizane ndi malonda a mowa kapena a malo ovinira usiku. Nkhani ya kwaya chimodzimodzi. Pa kompyuta simungaone zimenezi chifukwa mumatsegula tsamba limodzi, koma wowerenga adzaziona nthawi yomweyo, ndipo magazini yanu sidzalowanso m'nyumba zambiri.

3. Sonkhanitsani zithunzi zenizeni

Woyimba akakutumizirani chithunzi pa WhatsApp mwachizolowezi, chimafika chitafinyidwa, mbali yaitali ili pafupifupi ma pixel 1600. Pa 300 dpi, amene ndi muyeso wosindikizira, ma pixel amenewo amangokwana masentimita 13 ndi theka, pamene tsamba la A5 ndi lotalika masentimita 21. Muuzeni atumize ngati Document, kapena mukatenge pa fulashi kwa amene anajambula. Zochotsa pa Facebook ndi ma screenshot zikaneni ndithu. Kulemba 300 m'bokosi la resolution sikubweza zimene zinatayika kale, kumangokulitsa kusaoneka bwinoko.

Ngati mukujambula nokha, pewani dzuwa la masana. Dzuwa la kuno likakhala pamutu, maso a munthu amalowa mumdima ndipo chipumi chimanyezimira ndi thukuta. Dziwaninso gombe limene muli. Ku Nkopola, kumene phwando la Lake of Stars lachitikirako kangapo, dzuwa limatulukira kunyanja. Ku Malindi limalowera kunyanja. Munthu akaima atafulatira nyanja dzuwa lili kumbuyo kwake, mupeza mthunzi wake wokha. Muyang'anitseni kumene kukuchokera kuwala, ndipo siyani malo ambiri pamwamba pa mutu wake, poti dzina la magazini lidzakhala pamenepo.

4. Konzani tsamba limodzi loti muzikoperapo

Tsegulani fayilo yatsopano. Ngati musindikiza pa A4 popanda kudula, lembani 1754 m'lifupi ndi 2480 m'litali, resolution 300. Kompyuta ikakupatsani yokha A5 imalemba 1748, koma theka lenileni la A4 ndi 1754, ndipo kusiyana kochepako kumasiya kamzere koyera pamsana mukadzalumikiza masamba.

Ngati osindikiza anu amadula, onjezerani bleed. Awa ndi mamilimita atatu owonjezera mbali iliyonse, oti chithunzi chipitirire kunja kwa tsamba kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke poyera. A5 yokhala ndi bleed ndi mamilimita 154 ndi 216, kapena ma pixel 1819 ndi 2551. Wofuna magazini yaikulu ya A4 alembe 2480 ndi 3508, kapena 2551 ndi 3579 ikakhala ndi bleed.

Kokani ma guide, mizere yokulondolerani imene siisindikizidwa, kuchokera pa rula. Mawu onse akhale mamilimita 10 kapena 12 kuchoka kumphepete, ndiye kuti ma pixel 118 mpaka 142. Ikani nambala ya tsamba ndi dzina la magazini pansi. Pangani mafayilo awiri otere, la tsamba lakumanzere ndi lakumanja, ndipo tsamba lililonse muzilikopera kuchokera pamenepa n'kulisunga palokha: 01, 02, 03. Musaunjike masamba onse m'fayilo imodzi. Laputopu ya RAM yochepa imayamba kukwawa, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, ndipo fayilo imodziyo ikawonongeka zonse zapita. Sungani monga PSD mu Photoshop kapena XCF mu GIMP kuti ma layer, zigawo zosanjikizana za tsambalo, akhalepobe, ndipo chala chizolowere Ctrl+S. GIMP siisunga yokha, magetsi akazima imapita ndi ntchito yanu.

5. Chikuto

Chithunzi chimodzi, munthu mmodzi kapena gulu limodzi, maso akuyang'ana wowerenga. Maposita a madansi anatizoloweretsa kuunjika nkhope khumi, moto, utsi ndi magalimoto pa pepala limodzi. Chikuto cha magazini sichifuna zimenezo.

Mutu wa woyimba ukaphimbako pang'ono dzina la magazini, chikuto chimaoneka cha akatswiri, ndipo kapangidwe kake n'kosavuta. Layer yapansi ndi chithunzi chonse. Yapakati ndi dzina la magazini. Yapamwamba ndi kope ya chithunzi chomwecho mutachotsa zakumbuyo. Pochotsapo musagwiritse ntchito Eraser. Gwiritsani layer mask: mukapaka zakuda zimabisika, mukapaka zoyera zimabwerera, palibe chotayika. Thupi ndi gitala zungulizani ndi Pen mu Photoshop kapena Paths mu GIMP. Tsitsi, makamaka madiredi, limafuna burashi yofewa ndi kudekha. Chithunzi chikakhala cha kunyanja, m'mphepete mwa tsitsi mumatsalira kabuluu, ndiye kulitsani chithunzicho muyang'ane bwino. Poti chithunzi chapansi ndi chapamwamba ndi chimodzi, mungoyeretsa pamene mutu wakumana ndi zilembo basi. Musaphimbe zilembo zoposa chimodzi kapena ziwiri, dzina liwerengekebe.

6. Khungu ndi mitundu

Musamuyeretse woyimba. Ndimaona zikuto zimene munthu wa kwathu konkuno, amene timakumana naye pa msika, wasanduka wofiira ngati wadzola mankhwala, khungu lasalala mpaka silikuonekanso la munthu. Mwiniwake sanapemphe zimenezo, ndipo achibale ake akuona. Chotsani kachiphuphu ndi kunyezimira kwa thukuta, zina zisiyeni.

Vuto lenileni la khungu lakuda ndi lakuti pepala limadetsa chithunzi. Sikirini imawala kuchokera kumbuyo, pamene inki ikagwa pa pepala imafalikira pang'ono, makamaka pa bond. Tsaya limene pa laputopu likuoneka bwino, pa pepala limasanduka chigamba chakuda. Tsegulani Curves, kwezani pang'ono chigawo cham'munsi cha mzerewo, cha mithunzi, mpaka mzere wa chibwano, makutu ndi tsitsi zisiyane. Chigawo chapakati chisiyeni, poti mtundu weniweni wa munthuyo uli pamenepo. Tsitsaninso kuwala kwa sikirini yanu kufika cha pakati musanaweruze chithunzi.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, ndiyo RGB. Makina amapanga ndi inki zinayi, ndiyo CMYK. Buluu ndi pepo wa magetsi a pa siteji, amene amakongoletsa zithunzi za madansi a usiku, inki siimufikira, amatuluka wozimiririka. Mu Photoshop dinani Ctrl+Y muone mmene zidzatulukire. Ngati osindikiza akufuna CMYK, afunseni profile yake, imene imauza pulogalamu kasinthidwe ka mitundu. Pa pepala lonyezimira ambiri amagwiritsa Coated FOGRA39. Sinthani kope yomaliza yokha, fayilo yanu yogwirira ntchito ikhalebe RGB. Amakina a laser ambiri amalandira RGB popanda vuto. A GIMP amene auzidwa kuti abweretse PDF ya CMYK alowetse masamba awo mu Scribus n'kutulutsira kumeneko.

7. Zilembo

Ma font awiri akwana, ina ya mitu ndi ina ya nkhani. Musanaikonde font, lembani nayo "Malaŵi". Ma font ambiri okongola otsitsa pa intaneti alibe ŵ, amaika kabokosi kapena chilembo cha font ina. Mawu ndi mayina a Chiyao amadalira kwambiri chilembo chimenechi, ndipo magazini ya ku Mangochi siingachizembe. Mu Word lembani 0175 n'kudina Alt+X, kenaka koperani.

Zilembo za nkhani zikhale za kukula kwa 9 kapena 10 pt. GIMP imayamba ndi muyeso wa px, ndiye sinthani ukhale pt, apo ayi dziwani kuti 10 pt pa 300 dpi ndi ma pixel pafupifupi 42. Pa A5 musapitirire mizati iwiri ya mawu. Mawu athu ndi aatali. "Ndinkawayimbirabe" lokha limadya theka la mzere, ndipo mukasankha justify, yofananitsa mizere mbali zonse ziwiri, mumatsala mipata yoipa pakati pa mawu. Yambitsani mizere kumanzere, kumanja kuzithera pamene kwathera. Mukafuna kudula liwu, lidulani nokha pambuyo pa vawelo, chifukwa pulogalamuyo imadula motsata Chingerezi.

Mu CMYK, zilembo zing'onozing'ono zakuda zikhale za inki yakuda yokha, K 100, inki zinazo 0. Zikakhala za inki zonse zinayi, makina akaphonya pang'ono zimatuluka ndi mthunzi wofiira kapena wabuluu. Zilembo zoyera pa chithunzi chakuda zikhale zonenepa komanso zokulirapo. Nkhani ilembeni ndi kuikonza mu Word kaye, ndipo dzina la woyimba mumufunse mwiniwake mmene amalilembera.

8. Kusanja masamba pa pepala

Apa ndi pamene magazini zambiri zimafera, ndipo mavidiyo ophunzitsa Photoshop sanenapo, poti amathera pa chikuto.

Tengani dummy yanu ija, isuleni mapepala, muyale limodzilimodzi. Muona kuti tsamba 1 silili ndi tsamba 2 mbali imodzi. Lili ndi 16. Masamba amene amayandikana powerenga si amene amayandikana posindikiza. Kasanjidwe ka masamba 16 ndi aka, kumanzere kenaka kumanja:

Pepala loyamba: kunja 16 ndi 1, kuseri 2 ndi 15
Pepala lachiwiri: 14 ndi 3, kuseri 4 ndi 13
Pepala lachitatu: 12 ndi 5, kuseri 6 ndi 11
Pepala lachinayi: 10 ndi 7, kuseri 8 ndi 9

Pali njira ziwiri zodzionera ngati mwalondola. Manambala awiri a mbali imodzi mukawaphatikiza apereke 17, ndiye kuti chiwerengero cha masamba kuonjezapo 1. Pa masamba 12 apereke 13, pa masamba 20 apereke 21. Yachiwiri, nambala yogawika ndi 2 imakhala kumanzere nthawi zonse, inayo kumanja.

Tsopano tulutsani tsamba lililonse ngati PNG kapena TIFF. JPEG imasiya tizinyalala kuzungulira zilembo zing'onozing'ono. Tsegulani fayilo ya A4 yogona, 3508 ndi 2480, ikani guide pa 1754, lowetsani masamba awiriawiri motsata ndandanda ili pamwambayi. Mupeza mafayilo asanu ndi atatu. Atchuleni 1A, 1B, 2A, 2B mpaka 4B kuti wosindikiza asafunse kuti kuseri kwa chiyani ndi chiyani. Posindikiza mbali zonse, pepala litembenukire mbali yaifupi, imene pa makina imalembedwa flip on short edge. Mukasankha inayo, masamba akuseri atuluka chadodolido.

Koma musanayambe zonsezi kumbukirani yankho la funso lachinayi lija, la kasanjidwe ka masamba. Osindikiza ambiri amasanja okha. Ngakhale Adobe Acrobat Reader ili ndi Booklet posindikiza, imene imatenga PDF ya masamba 1 mpaka 16 n'kuwasanja yokha. Mukawapatsa zosanja kale iwo n'kudinanso Booklet, zisanjidwa kawiri, ndipo mulandira masamba ang'onoang'ono anayi mbali imodzi, osatsatana. Akanena kuti amasanja okha, apatseni PDF imodzi ya tsamba limodzilimodzi motsatana. Akanena kuti musanje, lembani pa dzina la fayilo kuti zasanjidwa kale, muwauzenso pakamwa. Amene mukugwiritsa bleed, kusanjaku asiyireni osindikiza, chifukwa bleed ya kumsana imayenera kuchotsedwa ndipo mapulogalamu awo amachita zimenezo molondola.

Kasanjidweka kakuuzaninso poika chithunzi chodutsa masamba awiri. Masamba 8 ndi 9 ali pa pepala limodzi, mbali imodzi, ndiye chithunzi chimadutsa osaduka. Ikani pamenepo chithunzi chimene mnyamata angachotse n'kumata pakhoma, koma nkhope ikhale chakumbali, poti masitepulo amatulukira pakati penipeni. Masamba 4 ndi 5 ali pa mapepala awiri osiyana. Popinda pakaphonyeka milimita imodzi, diso lina likwera lina litsika. Pamalo otere padutse nyanja, thambo kapena khamu la anthu, osati nkhope kapena mutu wa nkhani.

Masamba akachuluka, mwina kupitirira 32 kapena pepala likakhala lochindikala, amkati amatulukira kunja pang'ono mukapinda, ndipo mpeni umawadya kwambiri kuposa akunja. Ndi chifukwa chake nambala ya tsamba isamayandikire kumphepete.

9. Sindikizani imodzi yokha kaye

Lipirani kope imodzi pa pepala lenilenilo ndi makina enieniwo. Ipindeni, imenyeni masitepulo, itulutseni panja pa kuwala kwa masana. Onani nkhope, onani ngati masamba akutsatana, onani ngati palibe mawu olowa mumsana. Ipatseni munthu amene sanaione pa kompyuta awerenge mokweza, ndipo manambala a foni a otsatsa malonda muwayimbe amodziamodzi. Nkhope zikada, bwererani ku Curves. Kope imene mwavomereza isayineni, muisiye kwa osindikiza kuti zinazo azifanizire ndi imeneyo.

10. Chilolezo, ndi kope ya pa foni

Chithunzi ndi cha amene anajambula, ngakhale chakufikirani kudzera kwa woyimba. Pemphani chilolezo ndipo lembani dzina lake m'mbali mwa chithunzicho. Mawu a nyimbo nawonso ali ndi mwini, musawasindikize onse osapempha. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zimenezi, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso. Zithunzi za ana ndi za miyambo monga jando ndi nsondo, pemphani kwa makolo ndi akuluakulu a mwambowo musanatulutse kamera n'komwe. Pa tsamba la zamkatimu lembani dzina ndi keyala ya wofalitsa ndi ya wosindikiza, ndipo lumikizanani ndi National Archives ku Zomba, kumene lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti kope ya zosindikizidwa izipita.

Owerenga ambiri ku Namwera, Makanjira ndi abale athu a ku Joni adzaiona pa foni. Apangireni PDF yawoyawo: masamba 1 mpaka 16 motsatana, limodzilimodzi, opanda bleed, a RGB, resolution itatsitsidwa kufika 150 kapena kucheperapo kuti isadye bandulo. Itsegulani pa foni yotchipa muone ngati nkhani ikuwerengeka, kenaka muitumize pa WhatsApp ngati Document. Fayilo ya osindikiza ija isungeni m'foda ina, dzina lake losiyana, kuti isasochere m'magulu.